Kamlamba ka m'ngalande musakaike m'thanki ya guppy

Ndatopa nalo funso lakuti "nsomba zanga zikutha, ndigule mankhwala anji?" Ndikafunsa kuti m'thanki mwanu muli nsomba zanji, yankho limakhala lakuti "zosiyanasiyana, bola zokongola." Vuto lake ndi lomwelotu. Nsomba imameza chilichonse chokwana m'kamwa mwake, ndipo palibe mankhwala oletsa zimenezo.

Bambo wina wa ku Nchalo anagulira ana ake thanki yowetera nsomba m'nyumba ya malita 60 ku Blantyre, muli guppy khumi, tinsomba ting'onoting'ono tokongola. Tsiku lina anawo anagwira kamlamba kotalika ngati chala m'ngalande ya m'munda wa nzimbe, n'kukaponyamo. Patatha miyezi iwiri, m'mawa uliwonse ankapeza guppy imodzi yasowa. Mlamba umasaka usiku, masana umangokhala phee pansi, ndiye panalibe amene anauganizira. Anayamba kuloza chala mtsikana wantchito kuti akugawira anzake. Kenaka wina wogulitsa mankhwala pamsika anawauza kuti athiremo makapisozi a anthu. Makapisoziwo anapha tizilombo tothandiza ta mu fyuluta, timene timawola zonyansa za nsomba, madzi anachita mbuu, zotsala zija n'kuyamba kufa. Pamene ankandiitana n'kuti mtsikana uja atachotsedwa kale ntchito, m'thanki mutatsala mlamba wokha, wonenepa bwino. Umapuma ndi mpweya wa kunja, choncho madzi oipa sanauchite kanthu. Akanandiimbira sabata yoyamba, ndikanangowauza kuti awalitse tochi m'thankimo usiku. Za mtsikanayo zimandivutitsabe mumtima.

Makakana, nsomba za mu Shire zofanana ndi chambo, nawonso ayi: amakula, amakumba mchenga, amazula zomera. Ena mumati mbuna ndi zakwathu, zingavute bwanji? Mbuna ndi za m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, ndipo yaimuna imalondera mwala wake. M'thanki yaing'ono inzake ilibe kothawira, imathamangitsidwa mpaka kufa. Ngati mwazikonda, zipatseni thanki yawoyawo ya malita 200 kapena kuposerapo, yodzaza miyala.

Chimene ogulitsa a kumtunda amaiwala ndi kutentha kwa kuno ku Chigwa cha Shire. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu kapena ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, ndipo thanki ya m'nyumba ya malata imafunda ngati madzi osamba. Goldfish ndi nsomba ya m'madzi ozizira, komanso imaipitsa madzi kwambiri. Isiyeni kwa anzathu a ku Dedza. Neon tetra, yochokera ku Amazon, imafuna madzi ofewa, opanda mchere wambiri, osapitirira madigiri 26, pamene mijigo yathu yambiri imatulutsa madzi amchere. Madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, ndiye magetsi akazima pampu n'kuima, thanki yothithikana imatha usiku umodzi.

Pa malita 60 ine ndimati guppy zisanu ndi zitatu zakwana, chifukwa zimapirira madzi athuwa. Tengani zazimuna zokhazokha ngati simukufuna ana mwezi ndi mwezi, apo ayi yaimuna imodzi pa zazikazi ziwiri kapena zitatu. Molly imagwirizana nazo ndipo mchere pang'ono suivuta, koma imafuna malo okulirapo. Tiger barb imabudula zipsepse za guppy. Betta yaimuna ikhale yokha.

Zikakuchulukirani, perekani kwa mnzanu wa thanki. Musakazitaye mu Shire kapena ku Elephant Marsh, kumene asodzi amapezako ndiwo. Nsomba yatsopano iliyonse iyambe yakhala payokha milungu iwiri. Ndipo mukadzuka m'mawa n'kupeza nsomba zikuyasamula pamwamba pa madzi, musadikire Loweruka. Chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a madziwo tsiku lomwelo, thiranimo ena opanda klorini, siyani kuzidyetsa, kenaka mundiimbire foni musanathiremo china chilichonse.