Tayala la kart limafa lisanaoneke kuti latha

Anthu akamayamba mpikisano wa ma kart, timagalimoto tating'ono tothamangitsana pa thiraki, maso onse amakhala pa injini, poti ndi imene imaoneka yodula eti. Koma ine amene ndakhala ndikukonza timagalimoto timeneti kwa zaka ndithu, ndikuuzeni kuti ndalama zambiri zimathera pansi, pa matayala anayi aja. Injini mumagula kamodzi nkumangoisamala, pomwe matayala mugula lero, pakutha pa mipikisano iwiri itatu mukufunanso ena.

Kart ilibe mashoko, ilibenso difu, kumbuyo kuli ekiselo imodzi yolimba basi. Ndiye ntchito yonse yogwira msewu, yomeza mabampu ndi yokhota pakona imagwera labala. Timatayala take ndi tating'ono, rimu ya mainchesi 5, saizi ya tayala kutsogolo nthawi zambiri 10x4.50-5 kumbuyo 11x7.10-5, ndipo labala yake amaipanga dala kuti ikhale yofewa, izimata pa tala ikatentha. Kufewa komweko ndi kumene kumalipangitsa kukalamba msanga.

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Munthu amayang'ana timabowo ta pa slick, tayala losalala lopanda mizere loyendera pouma, toonetsa kuti labala yatsala yochuluka bwanji, nkuona kuti tikadali takuya, nkumati tayala lili bhobho. Ayi ndithu. Labala ku fakitale amachita kuiphika ndi sulufule kuti ilimbe, njira ija Charles Goodyear analembetsa mu 1844, ndiye nthawi iliyonse tayala likatentha pa thiraki kenako nkuzizira, kuphika kuja kumapitirira pang'ono, mafuta amene amalifewetsa amatulukamo, labala nkumauma. Kutentha ndi kuzizira kamodzi kumeneku timati heat cycle. Mukaona tayala lachita ka mtundu ka buluu m'mbali mutatsika pa thiraki, amenewo ndi mafuta aja akwera pamwamba. Tayala lofewa la mpikisano limakhala pa ubwino wake weniweni maulendo oyamba ochepa chabe, kenako nthawi yanu pa lap, kutanthauza kuzungulira thiraki kamodzi, imayamba kukwera pang'onopang'ono, inu nkumalimbana ndi kabyuleta, nkumadzudzula dalaivala, vuto lili pa labala. Zimandimvetsa chisoni kwambiri ndikaona mwana akudziona ngati sadziwa kuyendetsa chikhalirecho amumangira matayala ouma.

Ndiye tayala limakalamba ngakhale lisakugwira ntchito, lili phee pa shelefu. Adani ake ndi dzuwa, kutentha, mpweya ndi ozone. Ozone ameneyu ndi mtundu wa mpweya woononga labala, amatuluka pa zinthu zothetheka monga makina owotcherera zitsulo ndi mamota amagetsi okhala ndi ma brush, ndiye kusiya matayala pafupi ndi pamene mumawotcherera ndi kuwapha nokha. Petulo, oilo ndi mankhwala otsukira tcheni nazonso zimalowa mu labala. Kuwasiya mu ngolo yotseka yomwe yakhala padzuwa sabata yonse, amenewo mwawaphikanso kachiwiri. Kuzizira kopitirira mpaka madzi kuundana nakonso si kwabwino, labala yofewa imatha kuchita ming'alu makamaka mukaipinda isanafunde.

Chimene ndimachita ine ndi ichi: ndimadikira azizire okha, ndimawapukuta ndi kansalu kouma, kenako ndimawakulunga lililonse ndi pulasitiki yomata ija, nkuwaika mu chikwama chakuda m'chipinda chozizirira bwino chopanda chinyezi. Ngati ali pa rimu ndimaphwetsako mpweya pang'ono, ndipo kart imakhala pa sitandi, osati kulemera kwake kutsamire malo amodzi a tayala kwa mwezi. Atsopano musawachotse mu pulasitiki yawo mpaka tsiku lowamanga. Ndipo chonde musagule ambiri nthawi imodzi poti mwapeza otchipa, seti yachinayi ija pofika nthawi yake idzakhala itauma kale.

Matayala a mvula ndiye amapweteka mtima. Mumagula, amakhala miyezi kudikira mvula, tsiku lomwe yagwa mukupeza alimba gwa. Komanso mukawayendetsa pouma ma lap ochepa okha mizere yake yotulutsira madzi imasungunuka, ndalama yapita.

Pa nkhani ya mtengo, okonza mipikisano ambiri amayesetsa kuteteza matumba a anthu. Amasankha mtundu umodzi wa tayala kuti aliyense agwiritse womwewo, monga mipikisano ya ma injini a Rotax imene imayendera matayala a Mojo, kwina a Vega, MG kapena LeCont, ndipo amaika malire a maseti amene mungagwiritse ntchito, tayala lililonse lili ndi barcode yake yomwe amaisikana. Popanda zimenezi wolemera akanamangomanga atsopano ulendo uliwonse. Kupaka mankhwala ofewetsa labala nkoletsedwa pa malamulo a CIK-FIA, bungwe loyang'anira mipikisano ya ma kart padziko lonse, ndipo ali ndi makina onunkhiza matayala musanalowe, musayese dala.

Kwa amene mukuphunzira kumene, tengani labala yolimbirapo, imachedwa kutha komanso sisintha kwambiri, ndiye mumadziwa kuti kuthamanga kapena kuchedwa kwachokera kwa inu. Poyeserera gwiritsani seti ya mpikisano wapita, atsopano asungireni tsiku lenileni. Ogula ogwiritsidwapo kale ntchito kwa matimu akuluakulu, sizoipa, koma funsani kuti atentha kangati ndipo amasungidwa kuti, kuya kwa timabowo kokha kusakukopeni. Ngati mungakwanitse gulani durometer, kachipangizo koyezera kulimba kwa labala, muziyeza matayala atazizira mofanana nthawi zonse kuti manambala azigwirizana. Ine seti iliyonse ndimailemba m'mbali ndi cholembera cha penti, deti lomwe ndaimanga, ndipo ikangotsika pa thiraki ndimawonjezera kamzere kamodzi.