Kusankha munthu wako mu gemu sikulemba nkhani yatsopano

Osewera ambiri a magemu a RPG, momwe umasewera ngati munthu wa m'nkhani, amakhulupirira kuti ukasintha mtundu kapena mbiri ya munthu wako poyamba, nkhani yonse imatembenuka. Ena amatha ola lathunthu akusankhasankha, kuopa kuphonya. Zoona zake n'zakuti njirazi zimakakumana kutsogolo.

Taonani Dragon Age: Origins, gemu ya BioWare ya mu 2009. Ili ndi nkhani zoyambira 6 zoti usankhepo. Ukhoza kukhala mwana wa banja lolemekezeka la Cousland, amene makolo ake amaphedwa usiku umodzi Arl Howe atawachita chiwembu, kapena elf (mtundu wa m'nthano wa makutu osongoka) wosauka wa mumzinda wa Denerim amene ukwati wake umasokonezedwa tsiku lomwelo. Koma onsewa Duncan, mtsogoleri wa gulu la ankhondo la Grey Wardens, amawatenga kukalowa gululo, n'kukafika ku linga la Ostagar. Kuchokera apo nkhondo ndi imodzi, mdani ndi mmodzi. Chifukwa chake ndi ndalama: kujambula malo, kulemba zokambirana ndi kulipira olankhula mawu kasanu n'kamodzi sikungatheke.

Komabe musati kusankhako n'kwachabe. Chimasintha ndi mmene nkhaniyo imakupwetekera. Dwarf (mtundu wa anthu aafupi okhala pansi pa nthaka) wa banja lachifumu akabwerera kwawo ku Orzammar, amapeza m'bale wake Bhelen, yemwe anamunamizira mlandu wakupha, akulimbirana ufumu. Kwa wosewera wina Bhelen ndi wandale chabe. Ndipo wa Cousland yekha ndiye angalowe m'banja lachifumu la Ferelden, dziko lomwe nkhaniyi imachitikira, kudzera mu ukwati.

Gemu ina, Cyberpunk 2077, nayo ili ndi zoyambira 3, koma zimakumana msanga kwambiri. Kwa ine apa ndiye opanga gemuyi anaumira.