Voti ya 2004 imene Cyprus sakuiiwala

Pa 19 Okutobala 2025 anthu a mtundu wa Aturuki a kumpoto kwa chilumba chogawikana cha Cyprus anasankha Tufan Erhürman kukhala mtsogoleri wawo, ndi mavoti opitirira 62 pa 100 alionse. Anagwetsa Ersin Tatar, amene kwa zaka zisanu ankanena kuti chilumbachi chingovomerezedwa kuti ndi mayiko awiri basi. Erhürman akufuna kuti mbali ziwirizi zikambiranenso zopanga chitaganya. Kwa ife mawu oti chitaganya sakoma m'khutu, poti amatikumbutsa chija cha Welensky, koma ku Cyprus ndiwo mawu a anthu ofuna kuti dziko lawo likhalenso limodzi. Ndipo nkhaniyi ikangobuka, aliyense amabwerera ku tsiku limodzi, 24 Epulo 2004, pamene mbali zonse ziwiri zinavotera ndondomeko yogwirizanitsanso chilumbachi.

Owerenga Baibulo amachidziwa chilumbachi ndi dzina loti Kupro, kwawo kwa Barnaba. Salami, kumene iye ndi Paulo anafikira, lero ali kumpoto kwa malire, pamene Pafo ali kumwera. Chilumbachi chinalandira ufulu kuchokera kwa Britain mu 1960. Pulezidenti anali Mgiriki, Akibishopu Makarios, ndipo wachiwiri wake anali wa mtundu wa Aturuki, Fazıl Küçük. Ukwati umenewu sunathe zaka zinayi. Mu Disembala 1963 anthu anayamba kuphana mu mzinda wa Nicosia, ndipo mkulu wa asilikali a Britain anajambula mzere pa mapu ndi pensulo yobiriwira, n'chifukwa chake malirewo amatchedwa Green Line mpaka lero. Aturuki ambiri anathawira m'timadera tozingidwa, n'kukhalamo zaka khumi. Pa 15 Julaye 1974 asilikali othandizidwa ndi boma la ku Athens anachotsa Makarios pampando, pofuna kulumikiza chilumbachi ku Greece. Patangopita masiku asanu asilikali a Turkey anatsika pa gombe la kumpoto, ndipo pofika mu Ogasiti anali atatenga pafupifupi 36 pa 100 ya chilumbachi. Agiriki pafupifupi 160,000 anathawira kumwera, ena atasiya zovala pachingwe, poganiza kuti abwerera mawa lake. Aturuki oposa 40,000 anasamukira kumpoto.

Zaka zotsatirazo sizifuna mawu ambiri. Mu 1977 Makarios ndi Rauf Denktaş, mtsogoleri wa Aturuki a ku Cyprus, anagwirizana pa mfundo ya chitaganya cha mitundu iwiri. Mu 1983 a kumpoto analengeza dziko lawolawo, limene Turkey yekha ndiye amalivomereza. Misonkhano inkachitika, anthu n'kujambulitsa, n'kubalalika.

Chimene chinasintha zinthu chinali European Union. Cyprus anali pakhomo polowa m'bungweli, ndipo Kofi Annan, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo, pamodzi ndi nthumwi yake Álvaro de Soto, anaona kuti chitsulo chatentha. Ndondomeko yawo inatuluka koyamba mu Novembala 2002 ndipo inakonzedwa mpaka kasanu. Nthawi yomweyo Aturuki a ku Cyprus anadzaza misewu ya kumpoto kwa Nicosia, zikwizikwi, akutsutsa mtsogoleri wawo Denktaş amene sankaifuna ndondomekoyo. Pa 23 Epulo 2003 zipata za pamalire zinatsegulidwa koyamba patatha zaka 29. Anthu anaima pa mizere italiitali pa chipata cha Ledra Palace mu Nicosia, n'kupita kukagogoda pa makomo a nyumba zimene anabadwiramo. Ambiri analandiridwa ndi khofi, ena anabwezeredwa zithunzi za ukwati zimene alendo okhala m'nyumbazo anawasungira zaka zonsezo. Chipolowe chimene ankachiopa sichinachitike.

Ndondomeko yomaliza inamalizidwa ku Bürgenstock, m'dziko la Switzerland, pa 31 Malichi 2004, ndipo pamodzi ndi malamulo ake inafika masamba pafupifupi 9,000. Inkati pakhale dziko limodzi lokhala ndi zigawo ziwiri zodzilamulira. Nyumba ya Senate ikhale ndi mipando 48, mbali iliyonse 24. Malo a Aturuki atsike kufika pafupifupi 29 pa 100, kotero kuti tauni ya Morphou ndi dera la Varosha zibwerere kwa Agiriki. Asilikali a Turkey azichoka pang'onopang'ono mpaka kutsala 650, a Greece 950. Koma ufulu wa Turkey, Greece ndi Britain wolowerera pa nkhani za chilumbachi, umene unalembedwa mu 1960, unatsala momwemo. Agiriki ambiri othawa sakanabwerera kwawo, akanangolandira chipukutamisozi, ndipo ambiri mwa anthu amene anachokera ku Turkey itatha nkhondo ya 1974 akanakhalabe. Pamene mbali ziwirizo zinalephera kugwirizana, Annan anadzaza yekha mipata yotsalayo, monga zinali zitamulola.

Pa 7 Epulo Pulezidenti Tassos Papadopoulos, wa mbali ya Agiriki, analankhula pa wailesi yakanema, misozi ili m'maso. Anati iye analandira dziko lodziwika pa dziko lonse, ndipo sangalisiye litasanduka kagulu chabe ka anthu. Anapempha Agiriki kuti akane mwamphamvu. Chipani chachikulu cha AKEL, chimene kwa zaka zambiri chinkalimbikitsa ubale ndi Aturuki, chinazengereza, n'kupempha kuti voti ichedwe, kenako n'kuuza anthu ake kuti akane. Kwa ine, apa ndi pamene mphika unasweka. Glafcos Clerides, pulezidenti wakale amene anakwanitsa zaka 85 pa tsiku la votilo, anachonderera anthu kuti avomere, koma mawu ake anapita ndi mphepo. Günter Verheugen, amene ankayendetsa nkhani yolandira mayiko atsopano mu European Union, ananena poyera kuti akumva ngati boma la Cyprus lamupusitsa.

Tsiku la voti litafika, Aturuki pafupifupi 65 pa 100 anavomera. Agiriki pafupifupi 76 pa 100 anakana. Patatha sabata imodzi, pa 1 Meyi, Cyprus analowa mu European Union ali wogawikabe, ndipo malamulo a bungweli anaimitsidwa kumpoto. Ovomera anatsala panja, okana n'kulowa m'nyumba.

Chifukwa chiyani Agiriki anakana? Apa mboni zimasiyana. Mu lipoti lake la mu Meyi 2004, Annan analemba mowawidwa mtima kuti chimene chinakanidwa si pepala chabe koma mgwirizano weniweniwo. Tisaiwale kuti wolembayo anali mwini ndondomeko, ndipo fisi sangaweruze mlandu wa mbuzi. A mbali ya Papadopoulos amati ndondomekoyo inapatsa Turkey zake zonse tsiku loyamba, pamene Agiriki anayenera kudikira zaka kuti alandire malo awo, modalira lonjezo la dziko lomwelo limene linawathamangitsa. Kafukufuku amene anachitika pa tsiku la voti anasonyeza kuti okana ambiri anatchula chitetezo. Mantha amenewo ndi enieni, ndipo munthu amene anaona akasinja akulowa m'mudzi mwake sitingamuseke. Komabe sindingabise kuti mtima wanga umapita kwa anthu a ku Morphou. Aturuki ambiri okhala kumeneko anali othawa nawonso, ochokera kumwera, ndipo ndondomekoyo ikanawasamutsa kachiwiri kapena kachitatu. Chikhalirecho ambiri mwa iwo anavomera. European Union inawalonjeza kuti kudzipatula kwawo kutha. Thandizo la mayuro 259 miliyoni linabwera mochedwa, mu 2006, koma lamulo lowalola kuchita malonda mwachindunji ndi mayiko a bungweli silinadutse, ndipo ndege zochoka pa bwalo la kumpoto la Ercan zimayenerabe kutera ku Turkey.

Mwayi wina unabwera mu 2017 ku Crans-Montana, m'dziko la Switzerland, pamene Nicos Anastasiades wa kumwera ndi Mustafa Akıncı wa kumpoto, atsogoleri a nthawiyo, onse awiri ovomera a mu 2004, anafika pafupi kwambiri. Zinathera pa chakudya chamadzulo chimene chinafika m'bandakucha wa pa 7 Julaye, mlembi wamkulu wa United Nations António Guterres n'kulengeza kuti msonkhano watsekedwa. Zimene zinanenedwa patebulopo aliyense amazifotokoza mwake. Agiriki amati Turkey anakana kutchula tsiku lochotsa asilikali ake onse. Aturuki amati Anastasiades anabwerera m'mbuyo chifukwa chisankho chinali pafupi. Palibe chikalata chimene mbali zonse zimavomereza kuti ndicho chinalemba zoona za usikuwo.

Lero asilikali a United Nations, amene anafika mu 1964, akadalondera mpata wa makilomita 180 pakati pa mbali ziwirizi. Akatswiri a mitundu yonse iwiri akadakumba m'zitsime ndi m'minda kufunafuna mafupa a anthu 2,002 amene anasowa, Agiriki 1,510 ndi Aturuki 492. Atasankhidwa, Erhürman ananena kuti ndi wokonzeka kukhala pansi ndi Nikos Christodoulides, pulezidenti wa mbali ya Agiriki, koma anaika mfundo zake patsogolo. Akufuna kuti kufanana mphamvu kwa mitundu iwiriyi kusakhalenso kokambirana, kuti zokambirana zikhale ndi tsiku lothera, ndiponso kuti zikalephereka popanda iwo kulakwa, anthu ake asabwezedwenso pamene anasiyidwa m'mawa wa pa 1 Meyi 2004.