Kusiya diazepam ndi anzake: mafunso ndi mayankho kwa amene atopa nawo mapiritsi ogonetsa

Amuna awo atamwalira, azakhali anga a ku Chibavi anatha milungu osaona tulo. Pa kachipatala kena kolipira anawalembera diazepam wa 5mg, piritsi limodzi pogona. Tulo tinabweradi. Patatha zaka 2 anali akumwa awiri. Tsiku lina anati basi zakwana, n'kutaya paketi yonse m'chimbudzi. Patangopita masiku 4 ndinawapeza atakhala pamkeka, mu June kukuzizira mmene mukudziwira Mzuzu, iwo thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera moti kapu ya tiyi imalephera kufika pakamwa. Ndine namwino, koma tsikulo mtima unandiima. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene iwo anandifunsa, ndiponso amene ena akhala akundifunsa chichokereni nthawi imeneyo.

Kodi ndi mankhwala ati amene tikunena?

Gulu lake limatchedwa benzodiazepine. Wodziwika kwambiri kuno ndi diazepam, amene ena amamudziwa ndi dzina la Valium ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1963. Anzake ndi lorazepam (Ativan), clonazepam (Rivotril), alprazolam (Xanax) ndi bromazepam (Lexotan). Yang'anani pa paketi yanu kapena m'buku lanu la kuchipatala. Pa ntchito yake ndi mankhwala opulumutsa moyo: amaletsa khunyu munthu akagwa, amathandizanso amene akusiya mowa masiku oyambirira. Koma pa nkhani ya tulo ndi nkhawa, malangizo a madokotala ndi oti asapitirire milungu 2 mpaka 4.

Ngati mumamwa clonazepam kapena wina wa gululi chifukwa cha matenda a khunyu, nkhani yanu ndi ina. Musachepetse kanthu popanda amene amakuonani ku kiliniki.

Ndimamwa monga anandiuzira adokotala. Ndingazolowere bwanji ngati wa chamba?

Funso ili azakhali anandifunsa akulira, ndipo limandiwawa mpaka lero. Kuzolowera kumeneku si khalidwe loipa, komanso si kuchepa kwa chikhulupiriro. Mu ubongo muli kanthu kotchedwa GABA, kamene ntchito yake ndi yofanana ndi mabuleki: kamaziziritsa minyewa kuti munthu akhazikike, agone. Mapiritsiwa amawonjezera mphamvu ya mabulekiwo. Mukamwa tsiku ndi tsiku kwa milungu ingapo, ubongo umafooketsa mabuleki akeake chifukwa pali wina akuwugwirira ntchito. N'chifukwa chake piritsi limodzi limadzasiya kukwanira. Izi zimachitikira aliyense, m'busa kapena mphunzitsi, ngakhale amene sanawonjezerepo mlingo n'kamodzi komwe.

Bwanji osangosiya kamodzin'kamodzi ngati mmene ena amasiyira fodya?

Ganizirani lole yodzaza katundu ikutsika phiri la Chiweta, mabuleki n'kuchotsedwa pakati pa njira. Wosiya fodya amavutika ndi chibaba, koma wosiya mapiritsiwa mwadzidzidzi atha kugwa khunyu ngakhale sanadwalepo khunyu chibadwire, atha kusokonezeka mutu n'kumaona zinthu zimene palibe, ndipo ena amafa. Mu 2020 bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linalamula kuti chenjezo limeneli lilembedwe pa mankhwala onse a gululi.

Chonyenga n'choti nthawi zambiri mavuto aakulu sabwera tsiku lomwelo. Ndi lorazepam kapena alprazolam amayamba pakangopita tsiku limodzi kapena awiri. Ndi diazepam, amene amachedwa kutuluka m'thupi, mutha kukhala bwinobwino masiku angapo, mwina kupitirira mlungu, mukuganiza kuti mwapambana.

Nanga lamulo lotsikira ndi lotani?

Mumachotsa kagawo kochepa, n'kudikira thupi lizolowere, kenako n'kuchotsanso. Malangizo ambiri amati muchotse 5 mpaka 10 pa 100 alionse a mlingo umene mukumwa, pakapita milungu 2 kapena 4. Tcheru chikhale pa mawu oti "umene mukumwa". Pa 20mg, kuchotsa 2mg ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Pa 4mg, 2mg yomweyo ndi theka lathunthu. Ndiye mukamayandikira kumapeto, mapazi afupike: 1mg mukafika cha m'ma 10mg, 0.5mg mukatsika pa 5mg. Ambiri amagwera kumapeto kwenikweniku, chifukwa amati katsala n'kochepa, tingomaliza.

Njirayi inatchuka kwambiri ndi pulofesa wa ku Newcastle ku England, Heather Ashton, amene anayendetsa kiliniki ya anthu osiya mankhwalawa kuyambira 1982 mpaka 1994. Mfundo yake yaikulu inali yoti wodwalayo akhale ndi mawu pa liwiro, chifukwa ndiye akumva za m'thupi mwake. Ine ndimagwirizana nayo ndi mtima wonse. Ndondomeko muilembe pamodzi ndi dokotala kapena kiliniko ofisa, ilowe m'buku la kuchipatala, kuti tsiku limene mwapeza wina pa desiki asayambe zake.

Amene wamwa kwa masiku ochepa chabe, osafika mwezi, nthawi zambiri amatsika msanga. Komabe afunse kaye.

Mapiritsi anga ndi a 5mg. Ndichotsa bwanji 1mg?

Apa ndi pamene malangizo a m'mabuku amakumana ndi zenizeni za kwathu. Piritsi la 5mg mukalidula pawiri ndi 2.5mg, mukalidula panayi ndi 1.25mg. Pa munthu wa 10mg, kuchotsa kota imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 8, ndipo ambiri amakwanitsa. Azakhali ankadula Lamlungu masana kukuwala, pa mbale yadothi youma, ndi lumo latsopano, magalasi ali pamphuno. Zidutswa ankazikulunga m'timapepala 7, kalikonse kolembedwa tsiku lake. M'kope la sukulu la mdzukulu wawo ankalemba mlingo, maola amene agona, ndi mmene adzukira.

Mukafika pa 5mg, kota ija imakhala yaikulu kwambiri. Pemphani kuti akulembereni a 2mg: theka lake ndi 1mg, kota yake ndi 0.5mg. Ngati kuchipatala kulibe, funsani ku famase yovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala m'dziko muno la PMRA, mutatenga kalata ya dokotala. Za kumsika ndi za m'zikwama za mavenda zisiyeni, chifukwa simudziwa mphamvu yake. Ndipo kokatenga ena muzipita otsalawo asanathe, kudakali mlungu wathunthu. Kutha kwa mapiritsi Loweruka usiku n'chimodzimodzi kusiya mwadzidzidzi.

Adokotala akuti andisinthire ku diazepam. Si kungosintha dzina la vuto?

Ayi. Lorazepam ndi alprazolam amatha msanga m'magazi, moti munthu amayamba kuvutika nthawi ya piritsi lotsatira isanakwane. Diazepam amatsika mwapang'onopang'ono kwa masiku, ndiye thupi siligwedezeka. Mongoyerekeza, lorazepam wa 1mg amafanana ndi diazepam wa 10mg, ndipo alprazolam kapena clonazepam wa 0.5mg amafanananso ndi 10mg yomweyo. Taonani mmene timapiritsi tooneka tating'onoti tilili tamphamvu. Kusinthaku kumachitikanso pang'onopang'ono, ndipo si aliyense amene kumamuyenera, makamaka okalamba ndi odwala chiwindi. Musawerengetsere nokha kunyumba.

Ndidzamva chiyani ndikamatsika?

Ena samva zambiri. Ena amasowa tulo, amalota zoopsa, mtima umathamanga, thukuta, kunjenjemera, mutu ndi khosi kuuma, m'makutu kulira. Kuwala kumalasa m'maso, phokoso la wailesi ya aneba limamveka ngati lili m'mutu. Azakhali ankati pansi pakuyenda ngati ali m'bwato ku Nkhata Bay. Zimabwera pakadutsa masiku angapo mutachepetsa, kenako zimazilala. Nkhawa ikakula pa nthawi imeneyi, anthu amaganiza kuti matenda akale abwerera, kapena kuti wina wawachita chipongwe. Kope lija limathandiza apa: mukaona kuti mavuto amatsatira tsiku lochepetsa n'kutha okha, mantha amachepa.

Ngati mumayendetsa minibasi kapena njinga yamoto ya kabaza, uzani adokotala. Mapiritsiwa amachedwetsa maganizo, ndipo kusagona kumateronso.

Zikandivuta, ndibwerere pa mlingo wakale?

Imani pomwe mulipo. Khalani pa mlingo umenewo milungu ina 2 kapena 4, zikakhazikika mupitirize ndi phazi lalifupi. Kukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, kumazunza ubongo kuposa kuima. Kapiritsi kowonjezera "ka lero lokha" kapeweni. Pa maliro, pa mayeso, kapena pamene pakhomo pali matenda, kuima kaye si kulephera. Koma ngati munasiya mwadzidzidzi ndipo mwayamba kudwala, pitani kuchipatala lero. Nthawi zambiri amakubwezerani pa mankhwala kuti mutsike mwadongosolo. Ndi zimene tinachita ndi azakhali.

Mowa pang'ono sungandithandize kugona?

Mowa umagwira mabuleki omwe aja mu ubongo, ndiye mumangosinthanitsa unyolo. Ukaphatikizana ndi diazepam, kapena ndi mankhwala opha ululu monga tramadol, codeine ndi morphine, munthu atha kugona n'kusiya kupuma. Khofi wathu wa Mzuzu ndi tiyi wakuda muzimwa m'mawa basi. Dzukani nthawi imodzimodzi tsiku lililonse ngakhale usiku unali woipa, yendaniko ndithu dzuwa likatuluka, foni ikhale kutali ndi bedi.

Aliyense wokulemberani mankhwala adziwe kuti mukutsika. Rifampicin wa TB amachotsa diazepam msanga m'thupi, ma ARV okhala ndi ritonavir amamuchedwetsa, ndipo mankhwala opha tizilombo a ciprofloxacin atha kukulitsa kunjenjemera ndi chiopsezo cha khunyu. Amayi oyembekezera anene ku sikelo, asasiye okha.

Ndi liti pamene achibale ayenera kuthamanga nane kuchipatala?

Mukagwa n'kumaphupha, mukasokonezeka osazindikira anthu kapena malo, mukamaona kapena kumva zimene ena sakuona, kapena maganizo odzipha akabwera. Wogwa khunyu mugonekeni chammbali, muchotse moto ndi zolasa pafupi, musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Za maganizo odzipha, chonde nenani kwa munthu usiku womwewo, musadikire tsiku la kiliniki.

Kuno ku Mzuzu ndiyambire pati?

Yambani ndi amene anakulemberani, kapena ku chipatala cha Mapale, kapena ku Mzuzu Central Hospital. Tilinso ndi mwayi umene maboma ambiri alibe: a St John of God ali mumzinda momwemuno, ndipo ntchito yawo ndi ya thanzi la maganizo, kuphatikizapo uphungu ndi kuthandiza ozolowera mowa ndi mankhwala. Kupita kumeneko sikutanthauza misala. Uphungu ndi wofunika chifukwa chimene chinakusowetsani tulo poyamba, kaya ndi chisoni, ngongole kapena nkhanza za m'banja, chimadzaonekeranso mapiritsi akamachepa. Tengani mapaketi onse, nenani mlingo weniweni ngakhale ukuchititsa manyazi, ndipo pitani ndi wachibale mmodzi amene mumamukhulupirira.

Zonsezi zitenga nthawi yaitali bwanji?

Kwa amene wamwa zaka, werengani miyezi, ena mpaka chaka kapena kupitirira. Mukamaliza kachidutswa komaliza, tulo titha kutenga milungu kuti tikhazikike, ndipo pali ena amene zizindikiro zimawabwererabwerera kwa miyezi zisanatheretu. Azakhali anatsika kuchoka pa 10mg m'miyezi 8. Anaima kawiri, koyamba atadwala malungo, kachiwiri pa mwambo womanga chiliza cha amuna awo. Miyezi 5 mwa 8 imeneyo inathera pa 5mg yomaliza.