Chimanga chinawoloka nyanja, mphika wa phulusa n'kutsala

Pa 20 Disembala 2024, oweruza milandu ya malonda pansi pa mgwirizano wa USMCA, umene umamanga pamodzi United States, Mexico ndi Canada, anagamula kuti boma la Mexico linalakwa pamene mu February 2023 linaletsa kugwiritsa ntchito chimanga cha GMO, chimene mbewu yake inasinthidwa chibadwa ndi asayansi, popanga ufa wa tortilla, mkate wopyapyala umene anthu a m'dzikolo amadya tsiku ndi tsiku. Oweruzawo anati lamulolo silinatsamire pa umboni wa sayansi wokwanira. Mexico inachotsa lamulolo, koma mu Malichi 2025 inasintha malamulo aakulu a dziko kuti chimanga cha GMO chisamabzalidwe m'minda yake. Ambiri anaiona nkhaniyi ngati mkangano wa amalonda chabe, koma muzu wake uli kukhitchini kwa amayi a m'midzi, ndipo aka si koyamba kuti nzeru za kukhitchiniko zionedwe ngati zosayenera kuwerengedwa.

Chimanga chinachokera ku udzu wotchedwa teosinte, m'chigwa cha mtsinje wa Balsas kumwera kwa Mexico, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Alimi a kumeneko amachibzala m'munda umodzi ndi nyemba ndi maungu, ndipo munda wotere amautcha milpa. Chofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi kaphikidwe kake. Madzulo mayi amathira chimanga chouma mumphika wa madzi osakaniza ndi laimu kapena phulusa, n'kuchiwiritsa pang'ono mpaka khungu la njere litayamba kusupuka akaifinya ndi zala. Mphikawo amautsitsa pamoto, chimangacho n'kugona m'madzi omwewo usiku wonse. M'mamawa amachitsuka kangapo, n'kugwada pa mphero yotchedwa metate ndi kuchipera chidakali chonyowa mpaka chikhale phala lolimba logwirana, limene amaliumba m'manja n'kuliwotcha pa chiwaya chadothi. Chimanga chophikidwa motere amachitcha nixtamal, dzina lochokera ku mawu a chinenero cha Nahuatl otanthauza phulusa ndi ufa wokanda.

Amayiwo ankatero chifukwa njere zimafewa, zimaperedwa msanga, ndipo mkate umagwirana ndi kununkhira. Zimene sayansi inadzatulukira mochedwa n'zakuti vitamini B3, wotchedwanso niacin, amakhala womangika m'chimanga moti thupi silitha kumuyamwa bwino, ndipo laimu kapena phulusa ndi zimene zimamumasula. Kaphikidweka kamawonjezeranso calcium ndi kuchepetsa poizoni wa chuku.

Chimanga chitafika ku Spain ulendo wa Christopher Columbus wa 1492 utatha, mphika wa phulusa sunapite nawo. Sitinganene kuti Azungu sanauone, chifukwa wansembe Diego de Landa, polemba za anthu a Chimaya a ku Yucatán, ku Mexico, cha m'ma 1566, anafotokoza momveka kuti amayi ankaviika chimanga m'madzi a laimu usiku n'kuchipera m'mawa. Uyu ndi Landa yemweyo amene anatentha mabuku a Amaya ku Maní mu 1562, ndipo zolemba zake zinakhala zosasindikizidwa mpaka 1864. Amayi eniakewo sanasiye zolemba zawozawo, choncho mbiri ya kaphikidwe kawo timaimva m'kamwa mwa alendo amene sankawalemekeza. Olemba mbiri ambiri amati ku Ulaya kunali kale zigayo zoyendera madzi zogayira tirigu, motero panalibe amene anaona chifukwa chofewetsera njere. Kufotokoza kumeneku n'komveka, ngakhale kuti kumabisa mfundo yakuti ntchito ya mayi wogwada pa mphero sinkaonedwa ngati luso loti munthu aphunzire.

Zotsatira zake zinagwera osauka. Mu 1735 dokotala Gaspar Casal anaona pakati pa alimi a ku Asturias, ku Spain, matenda othetsa khungu pamanja ndi m'khosi, malo amene dzuwa limawomba, kenako kutsekula m'mimba, kusokonezeka mutu ndi imfa. Mu 1771 Francesco Frapolli wa ku Milan anawatcha pellagra, kutanthauza khungu lokhakhala. Kumpoto kwa Italy, m'madera a Veneto ndi Lombardy, alimi obwereka minda ankapereka tirigu kwa eni malo, iwo n'kutsala ndi phala la chimanga lotchedwa polenta m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo kalembera wa 1881 anapeza odwala oposa 100,000. Cesare Lombroso, katswiri wotchuka wa nthawiyo, anaumirira kuti vuto linali poizoni wa m'chimanga chowola, maganizo amene anali opepuka kwa eni minda chifukwa sankakhudza funso la zimene mlimi amatsala nazo akakolola.

Pamene mbiriyi inatembenukira kwenikweni ndi kumwera kwa United States. Kumeneko matenanti a m'minda ya thonje ankalima thonje mpaka pakhomo, popanda malo a dimba kapena ng'ombe ya mkaka, ndipo ankadya ufa wa chimanga, mafuta a nkhumba ndi manyuchi a nzimbe zimene ankatenga pangongole kusitolo ya mwini munda. Pakati pa 1906 ndi 1940 anthu pafupifupi 3 miliyoni anadwala pellagra, ndipo pafupifupi 100,000 anamwalira. Madokotala ambiri ankakhulupirira kuti ndi matenda opatsirana. Mu 1914 boma linatuma dokotala Joseph Goldberger, amene anaona chinthu chimene ena anachilambalala: m'nyumba za ana amasiye ndi m'zipatala za odwala misala, ogonekedwa ankadwala koma anamwino ndi antchito ankakhala bwinobwino, chikhalirecho onse ankapuma mpweya umodzi. Chosiyana chinali mbale. Atawonjezera mkaka, mazira, nyama ndi nyemba pa chakudya cha ana amasiye ku Jackson, m'chigawo cha Mississippi, matendawo anatha.

Otsutsa sanakhutire. Mu 1915 Goldberger anatenga akaidi a pa famu ya ndende ya Rankin, amene analonjezedwa kumasulidwa, n'kuwadyetsa zakudya za matenanti zokhazokha, ndipo mwa amuna 11 amene anafika kumapeto, 6 anaonetsa pellagra patatha miyezi pafupifupi isanu. Lero kafukufuku wotere sangaloledwe, pakuti mkaidi wolonjezedwa ufulu sangakane mwakufuna kwake, ndipo n'koyenera kuti tizikumbukira amuna amenewa potchula dzina la dokotalayo. Mu 1916 iye, mkazi wake Mary ndi anzake anadzibaya magazi a odwala, mpaka kumeza timibulu tokhala ndi nkhanambo ndi zonyansa za odwalawo, koma palibe amene anadwala pellagra. Ngakhale zinali choncho, atsogoleri a kumwera anakwiya, chifukwa kuvomereza kunali kuulula kuti anthu awo anali ndi njala pakati pa minda yobiriwira. Goldberger anamwalira mu 1929 asanadziwe dzina la chimene chinkasowacho. Conrad Elvehjem wa ku yunivesite ya Wisconsin ndiye anapeza mu 1937 kuti chinali niacin uja, ndipo matendawo anatha pamene ufa unayamba kuwonjezeredwa mavitamini m'zaka za m'ma 1940.

Pali ofufuza amene amachenjeza kuti tisaupatse mphika wa phulusa ulemu wonse, popeza nyemba ndi ndiwo zina za mu milpa zinkatetezanso anthu, ndipo chimene chinapha alimi a ku Italy ndi America chinali umphawi umene unawasiya ndi chakudya chimodzi chokha. Chenjezo limeneli n'loona. Komabe mayi wa ku Oaxaca, ku Mexico, ankasamala zonse ziwiri, munda wosakaniza ndi kaphikidwe, ndipo zonse ziwirizo n'zimene zinatayidwa panjira.

Pa mlandu wa 2024, United States inali ndi mfundo yolimba yakuti palibe umboni wotsimikizika woti chimanga cha GMO chimadwalitsa anthu, ndipo mbiri ya pellagra siitsutsa mfundo imeneyi. Mexico inayankha kuti anthu ake amadya chimanga chenichenicho katatu patsiku, mochuluka kuposa anthu a ku America kumene chambiri chimapita ku ziweto ndi kumafakitale, ndipo inadandaulanso kuti mungu ungadetse mbewu za makolo. Oweruza anamvera mbali yoyambayo. Mbali yachiwiri inathawira m'malamulo aakulu a dziko, amene tsopano amateteza mitundu 59 ya chimanga cha makolo, choyera, chachikasu, chofiira ndi chabuluu, chimene alimi ang'onoang'ono amasunga okha mbewu yake chaka ndi chaka. M'matauni ambiri tortilla tsopano amapangidwa ndi ufa wa m'mapaketi wa kampani monga Maseca, koma m'midzi ya ku Oaxaca ndi Michoacán mphika wa laimu umatelekedwabe madzulo, ndipo m'mawa amayi amanyamula ndowa za nixtamal kupita kuchigayo cha m'mudzi.