Musanagule njinga yakale ya trials, yang'anani kaye oyilo wa mu giyabokosi

Tiyambe tamvana, abale anga a kuno ku Joni: njinga ya trials, njinga yamoto yosewerera pamiyala, si ya delivery. Mukaiona yotsika mtengo pa Facebook Marketplace kapena Gumtree, musaganize zomangapo bokosi kuti muzinyamula zakudya ku Sandton. Ilibe mpando, tanki yake imangolowa malita awiri kapena atatu, magiya ake ndi okwerera miyala, ndipo zambiri zilibe mapepala a NaTIS, olembetsera galimoto ku boma. A JMPD, apolisi a mzinda wa Joni, akakupezani nayo pamsewu, mubwerera wapansi. Amene mukuifunira kukasewera pamiyala, ndi inu ndikulankhula nanu.

Muuzeni wogulitsa asailize musanafike. Mukafika gwirani injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda, dziwani kuti pali chimene akubisa, chifukwa injini yotha maringi imavuta kulira ikazizira. Nambala ya pa fulemu ikhale yosakandidwa, ndipo mulemberane kalata yogulitsana.

Tsopano nkhani imene yanditopetsa kubwereza. Njinga za GasGas TXT, Sherco, Beta Rev3, zonsezi zimazizira ndi madzi, ndipo pakati pa pampu ya madzi ndi giyabokosi pali kasili kamodzi kakang'ono, kalabala kotchinga madzi kuti asalowe mu oyilo. Kakatha, madzi a mu radiyeta amalowa mu oyilo. Yang'anani pagalasi la oyilo, kapena masulani boti yapansi mudonthetse pang'ono pachivindikiro. Oyilo wabwino amaoneka bwino, ngakhale atada. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa kale. Anthu amaona zimenezi, koma amagulabe chifukwa wogulitsa wati "ndi wakale chabe, mukangosintha".

Chimene chimatsatira n'chomvetsa chisoni. Makaniko wapansi pa mtengo amakhuthula oyilo, n'kuthira watsopano, n'kulandira yake. Pakangopita maola ochepa oyilo wayeranso. Kilatchi imayamba kukoka ngakhale mwafinya mpaka kumapeto, njinga n'kumafuna kuthawa nanu pamwala. Mwiniwake amaiimika m'galaja miyezi ingapo akufunafuna ndalama, madzi aja ali m'kati, akudya maberingi ndi magiya. Pofika kwa wodziwa ntchito, injini iyenera kung'ambidwa pakati. Vuto la sili imodzi lasanduka la zipangizo zoitanitsa ku Spain kapena ku Italy, zolipira ndi ma euro, zodikira masabata. Ndipo sili yatsopano yokha nthawi zina siikwanira: shafti ya pampu ikakhala ndi mzere wolowa pamene sili imakhudza, musinthe zonse ziwiri. Pa Beta Rev3 onaninso chitsulo chozungulira pampu. Chimenechi ndi cha magnesium, chimadyeka mpaka kuboola, makamaka ngati anthu ankathira madzi a pampopi m'malo mwa coolant, madzi apadera a mu radiyeta. Wina akakuuzani kuti amata ndi silikoni, nyamulani njinga yanu muzipita.

Ikalira, isiyeni pa aidolo mpaka fani ya radiyeta iyambe yokha kuzungulira. Njinga zimenezi zimayenda pang'onopang'ono, mphepo siwomba pa radiyeta, ndiye fani ikafa madzi amawira. Fani yozungulira mutangoliza injini nthawi zambiri imatanthauza kuti wina analumpha switchi yake ndi waya. Kenako nyamulani tayala lakumbuyo, muligwedezere mmwamba ndi pansi. Likamagogoda, maberingi a linkage, tizitsulo tolumikiza shoko yakumbuyo, atha. Gonekani njinga muone pansi, chifukwa mbale yoteteza injini ikaphwanyika n'kukhudza injini, mwala wina wotsatira usweka nayo. Pa GasGas Pro musamadumphire kiki ndi thupi lonse, giya yake yaing'ono imathyoka mano ndipo zidutswa zimagwera m'kati.

Mukagula, zina n'zachidule. Ya two-stroke mumasakaniza nokha petulo ndi oyilo wa synthetic. Ambiri amaika 80:1, ndiye kuti mamililita 62 pa malita 5, pomwe zakale zozizira ndi mpweya zimafuna ochulukirapo, monga mamililita 100. Yezani ndi sirinji, osati ndi maso. Montesa 4RT, imene inayamba mu 2005, ndi four-stroke, simusakaniza. Matayala a njinga ya trials safuna mpweya wa pa filing'i siteshoni: pafupifupi 0.3 bar kumbuyo, 0.4 kutsogolo. Fumbi la m'nyengo yozizira kuno limatseka fyuluta msanga, muzichapa ndi kupaka oyilo wake mukangobwera kosewera.

Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya ndi wopepuka. Njinga yochokera ku Durban kapena ku Cape Town ikafika kuno imamwa petulo wambiri kuposa mpweya, imatsamwa, pulagi imada msanga. Mankhwala ake ndi majeti (timabowo tolowetsa petulo) ocheperapo mu kabureta, osati kugula pulagi sabata iliyonse. Mutsitse pang'onopang'ono, chifukwa mukapitirira muyeso pisitoni imapsa.

Ndipo chonde, musanathire chilichonse m'kabokosi ka kilatchi ka pa handulo, werengani chivindikiro chake. Zina zimafuna mafuta a mabuleki a DOT 4, zina mineral oil. Mukasokoneza, marabala a m'kati amatupa, kilatchi imafa, ndipo muyenera kusintha masili onse, akumwamba ndi akumunsi.