Asilikali a m'thupi: mmene amatitetezera ku matenda

Tizilombo toyambitsa matenda tili ponseponse: m'fumbi, m'madzi a pachitsime chosaphimba, pa ndalama zomwe timapatsana pamsika wa Kapata ku Chipata, ndi mumpweya wa munthu amene akutsokomola m'minibasi. Komabe sitidwala tsiku lililonse. Chifukwa chake n'chakuti thupi lili ndi chitetezo chakechake, chomwe kuchipatala amakonda kuchitcha asilikali a m'thupi.

Ntchito imayambira kunja. Khungu losang'ambika limatsekereza tizilombo tambiri. Mamina ndi makhololo amakola fumbi ndi tizilombo kuti tisafike m'mapapo, misozi imatsuka m'maso, ndipo madzi owawasa a m'mimba amapha zambiri zomwe tameza pamodzi ndi chakudya. N'chifukwa chake bala, ngakhale laling'ono, liyenera kutsukidwa ndi sopo ndi madzi oyera. Kulipaka dothi, phulusa kapena ndowe ndi kuitana kafumbata.

Kachilombo kakadutsa pamenepa kamakumana ndi maselo oyera a m'magazi, omwe amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Ena mwa iwo amathamangira pamalopo n'kukameza. Kutupa, kutentha ndi kuwawa kwa pabala ndi zizindikiro za nkhondoyi, ndipo mafinya ndi maselo oyera amene afera pantchito pamodzi ndi tizilomboto. Mwanabere amene amatuluka mphechepeche mukavulala kuphazi ndi malo amene maselowa asonkhana n'kuchulukana. Amaphwa bala likapola. Akakhala milungu ingapo osaphwa, makamaka wa m'khosi, kayezetseni, chifukwa mwina ndi TB kapena vuto lina.

Kutentha thupi nakonso ndi njira imodzi yomenyera nkhondo, koma kwathu kuno sitikuonerera. Malungo ndi ambiri m'chigawo chino cha Kum'mawa kwa Zambia, choncho aliyense wotentha thupi ayezedwe magazi tsiku lomwelo. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi musadikire kuti kuche.

Chomwe tiyenera kumvetsa bwino ndi ichi: chitetezo cha m'thupi chimaphunzira ndipo chimakumbukira. Kachilombo kakalowa koyamba, thupi limatenga mlungu umodzi kapena iwiri kuti lipange mankhwala akeake otchedwa ma antibody, oyenerana ndi kachilombo kameneko basi. Masiku amenewo ndiwo oopsa, chifukwa matenda amatha kupambana thupi lisanakonzeke. Munthu akachira, maselo ena amasunga chithunzi cha mdaniyo kwa zaka zambiri, ndipo akabweranso amathana naye msanga, nthawi zina mwiniwake osadziwa n'komwe.

Katemera amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi. Amaonetsa thupi kachilombo kofooketsedwa, kakufa, kapena kachidutswa chabe, kuti liphunzire popanda kudwala matenda enieniwo. Agogo ena akali ndi chipsera cha katemera wa nthomba pamkono, ndipo mu 1980 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti nthomba yatheratu padziko lonse. Masiku ano mwana amalandira katemera wa BCG woteteza ku TB akangobadwa, amabwerera kusikelo pa milungu 6, 10 ndi 14, kenako katemera wa chikuku pa miyezi 9 ndi 18. Wa miyezi 18 ndi amene makolo ambiri amaiwala poti mwana wayamba kuyenda ndipo akuoneka wathanzi. Musamuphonye. Chikuku chili ndi nkhanza ina yobisika: chimafafaniza zina zomwe thupi linaphunzira kale, moti mwana wochira chikuku amagwidwa mosavuta ndi chibayo kapena kutsegula m'mimba. Mwana wolandira katemera akatentha pang'ono kapena kutupa pamalo obaya kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndiye kuti thupi likuphunzira. Khadi la sikelo lisungeni bwino.

Khanda limabadwa ndi chitetezo chobwereka kwa amayi ake, ndipo mkaka woyamba wachikasu uja umawonjezera. Si mkaka woipa ayi, musaufinyire pansi. Bere lokha kwa miyezi 6, opanda madzi kapena phala.

HIV ndi yoopsa chifukwa imawononga maselo a CD4, omwe amatsogolera asilikali ena onse. Munthu wathanzi amakhala ndi CD4 pakati pa 500 ndi 1,500. Ikatsika kupitirira 200, matenda omwe thupi likanawagonjetsa mosavuta, monga TB ndi mauka a m'kamwa, amapeza mpata. Ma ARV amaletsa kachilomboko kuswana, ndipo CD4 imayambanso kukwera. Lero sadikiranso kuti munthu adwale. Akapezeka nako amayamba mankhwala, ndipo m'zipatala za boma ndi aulere. Kuyezetsa kumachitika ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete, ku Mwami, ngakhalenso pakiliniki ya kwanuko. Wosiya kumwa ma ARV chifukwa akupeza bwino amapatsa kachilomboko mwayi wozolowera mankhwala.

Mimba nayo imachepetsa mphamvu yolimbana ndi malungo, n'chifukwa chake kusikelo ya amayi apakati amapereka Fansidar ndi neti. Shuga wosasamalidwa, mowa wambiri, fodya ndi ukalamba zimafooketsanso chitetezo.

Pa zakudya sitinena zachilendo. Nsima yokha sikwanira. Nsawa zomwe timalima zochuluka ku Chipata, Katete ndi Petauke tisagulitse zonse. Nyemba, mazira, kapenta, chiwawa chotendera, mango ndi mapapaya zimapatsa thupi zomangira maselo. Ana a miyezi 6 mpaka zaka 5 alandire vitamini A pa mlungu wa thanzi la ana, womwe umachitika kawiri pachaka. Za mabotolo ogulitsidwa mumsewu kapena pa Facebook, oti "amakweza chitetezo" mpaka kuchiza HIV, ndalama yanu ndi bwino mugulire mazira. Makapisozi a amoxicillin nawonso sachiza chimfine, chifukwa chimayamba ndi mavairasi ndipo kawirikawiri thupi limathana nacho lokha.

Pitani kuchipatala ngati mwatsokomola milungu iwiri, mukuonda popanda chifukwa, mukutuluka thukuta usiku, muli ndi zilonda zosapola, kapena mukudwaladwala. Mukafika pemphani kuti akuyezeni HIV, TB ndi shuga.